Yankho kwa alamu pa homuweki ya Titanic

Eya alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti mwana amupatsa ntchito kusukulu yofotokoza chifukwa chake anthu ambiri chonchija anafa pa sitima ya Titanic. Choyamba mumuuze asalembe za mufilimu. Achikondi awiri aja ndi opeka, aphunzitsi sangamupatse malikisi pamenepo.

Sitimayo anaipangira ku Belfast, ndipo inanyamuka ku Southampton pa 10 Epulo 1912 kulowera ku New York, ulendo wake woyamba. Usiku wa pa 14 Epulo, cha m'ma 11:40, inagunda chiphiri cha ayezi choyandama panyanja ya Atlantic, pofika 2:20 inali itamira. Munali anthu pafupifupi 2,200, omwe anafa ndi pafupifupi 1,500.

Tsono pagona nkhani ndi pa maboti, alamu, apa ndiye alembe kwambiri. Maboti opulumukiramo analipo 20 okha, okwana anthu 1,178. Tangoganizani, tsiku lonyamuka lomwelo pafupifupi theka la anthu linalibe pokwera. Ndipo chopweteka n'chakuti eni ake, a White Star Line, sanaphwanye lamulo ayi. Lamulo la ku Britain linali lachikale, linkayang'ana kukula kwa sitima osati kuchuluka kwa anthu. Sitima iliyonse yopitirira matani 10,000 inkangofunika maboti 16, pomwe Titanic inali ya matani opitirira 46,000. Ndiye iwo poika 20 ankaona ngati achita kuwonjeza! Kuonjezera apo, maboti ena anawatsitsa asanadzaze, chifukwa poyamba anthu sankakhulupirira kuti chisitima chonsecho chingamire.

China n'kuzizira. Madziwo anali ozizira kuposa pa madigiri 0, moti ambiri anali atavala majekete oyandamitsa koma anafa ndi chisanu m'mphindi zochepa. Sitima ya Californian inali pafupi, koma wapawailesi wake anali atapita kukagona. Sitima ina, ya Carpathia, ndi imene inamva kuitana, inafika cha m'ma 4 koloko m'bandakucha n'kutola anthu pafupifupi 700. Osauka a mu third class, omwe zipinda zawo zinali pansi, kutali ndi maboti, ndiwo anafa ochuluka pakati pa apaulendo. Ineyo ndikanakonda alembeponso zimenezo, ana amazimvetsa msanga.

Akafuna kutsiriza ndi zomwe zinasintha, anene kuti mu 1914 mayiko anasainirana pangano lotchedwa SOLAS, loti maboti azikwanira aliyense wokwera komanso wailesi izikhala ndi womvetsera usana ndi usiku. Aaa, ndipo akafuna chithunzi chomata, asake pa intaneti za Robert Ballard, yemwe gulu lake linaipeza sitimayo mu 1985, mamita pafupifupi 3,800 pansi pa nyanja.