Kwa ang'ono athu a ku Thyolo ndi Mulanje amene mwafika kumene ku Joni kudzaphunzira uinjiniya

Takulandirani, achimwene ndi achemwali. Zikwama mwatsitsa, makalasi mwayamba, tsono tikuuzeni msanga chimene ambiri amachizindikira ali chaka chomaliza: kuno digiri payokha siikupatsani dzina la injiniya wovomerezeka. Dzinalo limachokera ku bungwe la ECSA (Engineering Council of South Africa), lolembetsa mainjiniya m'dziko muno, ndipo bungweli limafuna umboni wolembedwa wa ntchito imene inuyo munagwira. Umboni umenewo yambani kuusonkhanitsa chaka choyamba chomwechi.

Sabata ino fufuzani ngati pulogalamu yanu ili pa mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka ndi ECSA, ndiponso kumene ikukutengerani. Digiri ya zaka 4, BEng kapena BSc(Eng), imakafika pa Pr Eng, dzina la injiniya wovomerezeka (Professional Engineer). BEngTech ya zaka 3 imakafika pa Pr Tech Eng (technologist), dipuloma pa Pr Techni Eng (technician). Zonsezi ndi ntchito zolemekezeka, koma kusintha njira pakati kumadya zaka ndi ndalama za makolo. ECSA inalowa m'pangano la Washington Accord mu 1999, choncho digiri ya zaka 4 yovomerezeka kuno imadziwikanso ku Britain, Australia ndi Canada. Malawi sali m'panganoli. Amene mwabwera ndi digiri ya MUST ya ku Ndata kapena ya MUBAS, mapepala anu ayenera kuunikidwa kawiri, ku SAQA (bungwe lounika mapepala a maphunzirochokera kunja) komanso ku ECSA, ndipo kalata ya SAQA siilowa m'malo mwa ya ECSA. Musabwere ndi satifiketi yokha. Pamafunika zotsatira za chaka chilichonse, ndondomeko ya zimene phunziro lililonse linkaphunzitsa, ndi lipoti la pulojekiti yanu yomaliza. Kuzipempha muli kutali kumatenga miyezi.

Pomwe ana akwathu amapunthwa kwambiri ndi pa vac work, ntchito ya patchuthi. Mayunivesite ambiri sakupatsani digiri musanagwire ntchito ya patchuthi kwa masabata angapo pamalo pomwe pali mainjiniya. Makampani akuluakulu amayamba atenga ana amene akuwalipirira sukulu, ndipo thandizo lotero nthawi zambiri ndi la nzika. Mlendo wolemba makalata mu October amapeza malo atatha kale. Lembani mu March kapena April, ndipo lowani nthambi ya ophunzira ya bungwe la mainjiniya: SAICE ngati muli a misewu ndi zomangamanga, SAIEE a magetsi, SAIMechE a makina. Kumisonkhano yawo yamadzulo ndi kumene mungagwirane chanza ndi munthu wolemba anthu ntchito.

Koma bwanji kulimbirana malo ku Johannesburg pamene munakulira pakati pa mafakitale? Tchuthi chachitali cha December ndi January chimagwa nthawi imene tiyi wachuluka ndi mvula, makina akuyenda usana ndi usiku. Mufakitale ya tiyi, monga za ku Lujeri kapena Satemwa, muli mafani ofotetsa masamba, makina odula, zoumitsira, boyila ya nkhuni za bulugama, mamota ndi jenereta yodikira magetsi akazima. Wophunzira zamakina kapena zamagetsi sangaone zonsezi pamodzi muofesi ya m'tauni. Tchuthi cha June ndi July tiyi amakhala wochepa ndipo makina ambiri amamasulidwa kuti akonzedwe. Kuona mkati mwa gearbox ndi nthawi yomweyo. A magetsi ali ndi MEGA, imene imapanga magetsi ndi madzi a Lichenya ku Bondo. A zamadzi ali ndi mapaipi otenga madzi ku Likhubula kupita ku Blantyre. A milatho, namondwe Freddy wa March 2023 anasiya maphunziro owawa m'mitsinje ya ku Mulanje, ndipo amene adzamangenso bwino ndi amene anaimapo n'kuyeza pomwe madzi anafika. Lemberani mkulu wa mainjiniya pamalopo mudakali kuno. Musananyamuke, dipatimenti yanu ivomereze malowo polemba, chifukwa ntchito yosavomerezedwa kale ikhoza kukanidwa mutabwerera.

Gulani buku lachikuto cholimba lolembamo ntchito imene mukugwira. Kulemba kuti "ndinathandiza kukonza makina" n'kutaya inki. Lembani tsiku, dzina la makina, vuto, zimene munayeza ndi manambala ake, zimene munaganiza ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo: mota ya 15 kW ya fani imatentha, munayeza magetsi pa mawaya onse atatu n'kupeza ali ofanana, munakayikira bearing, munaimasula, inali youma girizi. Pamapeto injiniya asayine, alembe nambala yake ya kulembetsa, ndipo mutenge kalata ya papepala la kampani musanakwere basi. Anthu amasamuka ntchito. Pakatha zaka 5 wokuchitirani umboni simudzamupeza.

Mukamaliza digiri lembetsani pompo ku ECSA ngati Candidate Engineer, kutanthauza injiniya amene akukonzekera Pr Eng. Pr Eng imafuna zaka zosachepera 3 za ntchito, koma ECSA siwerenga zaka zokha. Ili ndi mfundo 11 zimene imayang'ana, monga kuthetsa mavuto ovuta, kutsata malamulo ndi kusenza udindo pa zimene mwagamula. Ambiri amakhala zaka 4 akujambula pakompyuta ndi AutoCAD zimene wina waganiza, n'kukauzidwa kuti sanakhwime. Pofunsidwa ntchito, nanunso funsani: kodi pali injiniya wolembetsedwa wondiyang'anira, nanga kampani ili ndi pangano la maphunziro ndi ECSA? Malipiro ochepa pomwe pali zimenezi amaposa ochuluka pomwe palibe. A makina ndi a magetsi ofuna za m'fakitale kapena m'migodi, yambani kufunsa za mayeso a boma a GCC (Government Certificate of Competency), satifiketi ya woyang'anira makina m'malo amenewa.

Za mapepala tisakunamizeni. Viza ya sukulu imalola ganyu wa maola 20 pa sabata, osapitirira. Tikudziwa kuti foni yochokera kumudzi siisiya kulira, feteleza uyu, fizi ya mng'ono uyu, koma masamu a chaka chachiwiri sakhululukira munthu wogwira ntchito usiku, ndipo kubwereza chaka kumadula kuposa zimene munatumiza. Viza muziipempha kuti aiwonjezere kutatsala masiku 60, ndipo medical aid yanu isathe. Kupitirira masiku kumaletsa munthu kulowanso m'dziko kwa chaka chimodzi, ndipo mukapitirira masiku 30, zaka 5.

Amene mukuganiza zodzabwerera kwathu, kumeneko kulinso Malawi Engineering Institution, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo nayo idzafuna kuona ntchito imene munagwira. Buku lija lijambuleni pafoni tsamba ndi tsamba mwezi uliwonse, muzidzitumizira pa imelo.