Kachikwama ka minga ya nungu sikachapidwa

Achemwali, kachikwama kamene anakupatsani agogo achilakota ku Pine Ridge, dera la Alakota (mtundu wa eni nthaka a ku America) m'chigawo cha South Dakota, musakaviike m'madzi, ngakhale kade bwanji. Ingochotsani fumbi ndi kaburashi kofewa.

Amayi achilakota amafewetsa minga ya nungu m'madzi kapena m'kamwa, n'kuifinya ndi mano, kenako n'kuisokera pachikopa. Ikanyowanso imafewa, utoto umasuluka, ndipo chikopacho chikauma chimalimba gwa. Chibangili changa chimene ndinagula pa gule wa powwow ku South Dakota ndimachisunga m'bokosi, kutali ndi dzuwa, ndipo chikuwalabe. Kachikwama kanuko muzikayang'ana pafupipafupi, chifukwa tizilombo todya ubweya timadyanso mingayi.

Mukaona timabowo kapena minga ikusomphoka, musamate ndi guluu. Funsani agogowo kaye, kapena katswiri wosamalira zinthu zakale kumyuziyamu.