Za mileme ija, msuweni

Halo msuweni... ee, ndaliona funso lako pa gulupu. Akuti, kodi n'zoona kuti apeza chiwewe chatsopano m'mileme? Iweyo? Kuwerenga za mavairasi usiku wonsewu, unayamba liti? Ayi, ine ndimakudziwa. Chilipo chachitika kunyumba kwa agogo kuja, ndipo ndikukayikira kamnyamata kako kaja, kaja kosasiya chilichonse chokwawa.

Chabwino, n'zoona. Chiwewe chili ndi abale ake, banja lonselo amati lyssavirus. Wina anamupeza ku Nigeria mu 1956, Lagos bat virus. Wina ku South Africa mu 1970, Duvenhage, ameneyo anapha munthu amene analumidwa ndi mleme. Ndiye pali Shimoni wa ku Kenya, 2009, ndi Matlo amene apeza ku Limpopo zaka zaposachedwazi. Akati atsopano sikuti abadwa dzulo ayi. Analipo kalekale, kungoti pano akatswiri akufufuza kwambiri.

Koma dikira... ukukumbuka za amalume? Bambo ako aang'ono aja, ee. Chaka chija cha maliro, nyumba itadzaza alendo, anthu akudandaula fungo la m'siling'i. Iwo n'kuti, ndisiyireni. Anatenga mbaula, n'kuthiramo tsabola wouma ndi chidutswa cha tayala... ayi, tayala linali ulendo wachiwiri, poyamba unali tsabola yekha. Anakwera pa mpando wa agogo uja, umene sankalola munthu kuukhudza, n'kulowetsa mbaula pachibowo. Utsi m'malo mokwera unabwerera m'nyumba! Anthu onse panja, kutsokomola, agogo akukalipa ali pakhonde ndi chitenje kukamwa. Mileme ina inathawa, ina inagwa pansi italedzera ndi utsi. Amalume n'kumaitola ndi manja, manjamanja, kuponya mu ndowa. Zitosi zonse anasesera m'thumba kuti n'za ku dimba, ndipo mpiru wa chaka chimenecho, eee, tisaname, unali mpiru.

Ndiye umodzi unawagwira pachala chachikulu. Kabala kake kosaoneka n'komwe, kadontho kamodzi ka magazi basi. Iwo akuti n'zazing'ono, anyambita, akupitiriza. Anali amayi anga amene anaima pakhomo n'kunena kuti achimwene, nsima simudya mpaka mupite kuchipatala. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Anapita ndithu, pa njinga, akung'ung'udza njira yonse, n'kukabayitsa jakisoni, ndipo masiku onse amene anawauza kuti abwerere, amayi ankawaperekeza. Mileme? Patangotha mwezi inali itabwerera, chifukwa chibowo cha kuchipupa sanatseke.

Ndiye msuweni, ndimvere bwino tsopano. Ngati mwanayo wagwira mleme, kaya wamuluma kaya wangomukanda, musambitse pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenderera, mphindi 15, kenako kuchipatala lero lomwe akayambe katemera wa chiwewe. Usafufuze bala. Mano a mleme ndi ang'ono ngati singano, umatha kuluma osasiya chizindikiro. Mu 2007 mayi wina wa ku Netherlands anakandidwa kumaso ndi kamleme ku Kenya, timabala tating'ono, sanalandire katemera, anakamwalira ku Amsterdam ndi Duvenhage yemweyo. Matendawa akangoyamba kuonekera, kuopa madzi kuja, kubwebweta, palibenso mankhwala. Katemera amagwira asanayambe.

Ee, ndikudziwa uwerenga kuti katemerayu sagwira bwino pa Lagos ndi Shimoni. N'zoona, koma amenewo sanapezekepo mwa munthu. Pa Duvenhage amagwira. Ndiye usati n'kutaya nthawi, ayi. Ndiponso, mmm, uwauze agogo kuti galu wawo uja akabayitse. Anthu pafupifupi onse amene amafa ndi chiwewe, 99 pa 100 alionse, chimachokera kwa galu, osati mleme. Milemeyo musaiphe, imadya udzudzu. Mudikire ituluke madzulo, mutseke zibowo, basi. Wagwa pansi, fosholo, osati manja.

Wamva? Sopo, madzi, chipatala, lero. Osadikira kuti bambo ake abwere Loweruka, osamanga kansalu, osapaka phulusa.

Ukafika uwauze mosabisa kuti ndi mleme, ndi tsiku limene zachitika. Akati katemera watha, funsa komwe ali, upite konko, ya thiransipoti ndikutumizira pa foni. Nyamuka msuweni, mutenge mwanayo mupite, undiimbire mukafika.