Kwa mayi amene mwana wake wayamba kupanda mlongo wake

Mayi wina wandilembera kuti: "Agogo, mwana wanga wa zaka 7 akabwera koonera vidiyo kumsika amayamba kuponda mlongo wake mateche, dzana anachita kumukanyanga pakhosi. Bambo ake amangoseka, akuti mwamuna amakula choncho. Kodi ndimukwapule?"

Mdzukulu wanga, chikwapucho chiike kaye pansi. Ukamumenya kuti asiye kumenya, waphunzira chiyani? Kuti wamphamvu ndiye amamenya.

Ife tinakula opanda kanema. Nthawi ya Kamuzu wayilesi ya kanema kunalibe, Television Malawi inadzayamba mu 1999. Koma usaganize kuti nthano zathu zinali zofewa. Munali afisi odya ana, mfiti, anthu oponyedwa m'madzi. Kusiyana kwake, wokamba nthanoyo anali agogo ako, atakhala nawe pamoto, akukuyang'ana kumaso. Akaona kuti wachita mantha, kapena wayamba kukondwera ndi nkhanza za fisi, ankaipotoza nkhaniyo. M'chisakasa cha vidiyo muja, mwini wake amangolandira ndalama pakhomo. Mwana amaona munthu akumenyedwa ndi mpando m'mutu, nkudzuka osatuluka ndi magazi omwe. Maliro saonetsa, mayi wolira saonetsa.

Mu 1961, Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford ku America anaonetsa ana munthu wamkulu akumenya chidole. Atawasiya okha, anawo anachimenya momwemo. Pambuyo pake anapezanso kuti ana amene aona womenyayo akudzudzulidwa satengera kwambiri ngati amene aona palibe chomuchitikira. Ndiye kuseka kwa amuna akoko n'koopsa kuposa filimuyo. Uwauze mwaulemu, usiku, ana atagona, kuti akamaseka mwana amamva ngati akumuombera m'manja. Afufuzenso m'foni mwawo, poti anthu akuluakulu ndife timatumizirana pa WhatsApp mavidiyo a wakuba akuotchedwa, foni nkuisiya pampando.

Sikuti mwana aliyense woonera zomenyana adzakhala chigawenga, ayi. Koma wakoyu wafika kale pakhosi pa mnzake.

Kumsikako asiye kupita yekha. Ndalama imene umam'patsayo um'gulire mpira. Akamenyanso, mukhazike pansi, muonetse pamene patupa, ndipo iyeyo ndi amene atenge kansalu ndi madzi ofunda kuti am'thowe mlongo wake, iwe uli pompo.