Musanafunse kamwedwe ka mafuta, funsani amene adzayikonze

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa kufupi ndi Santhe. Wasonkhanitsa ndalama, zina watapa ngongole, ndipo akufuna kagalimoto kakang'ono kosamwa mafuta. Akufunsa ngati atenge Toyota Axio ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi a batire, kapena Honda Grace imene mnzake akumuchemerera.

Aphunzitsi, funso lanuli landifika pamtima. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2022, kenako n'kuona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sangakudabweni kuti maso anu ali pa malita. Inenso ndikamva kuti galimoto yakuti imanunkhiza chabe mafuta, makutu amaima. Koma ndiloleni ndiyambe ndi za alamu anga, chifukwa zimandiwawabe.

Alamu angawo amalima fodya cha ku Chamama. Chaka china fodya atayenda bwino ku Chinkhoma, anagula Axio ya petulo, zoyambirira zija zimene zinatuluka ku Japan mu 2006. Galimoto imeneyo inali ya mudzi wonse. Amayi oyembekezera usiku, ndi iyo. Feteleza, ndi iyo. Maliro, ukwati, ana otsegulira sukulu, ndi iyo yomweyo. Injini yake sinadandaulepo. Tsiku lina anakayisiya pa garaja ina kuti asinthe oyilo, ndipo mnyamata wa pamenepo anati giyabokosi nayonso ikufunika watsopano. Anathiramo oyilo wamba wa ma otomatiki, wochokera m'chigubu chopanda dzina. Sipanapite nthawi, galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka, pokwera mtunda injini n'kumangolira koma liwiro osaoneka. Makaniko wina wachikulire pa boma la Kasungu pano atakhetsera oyiloyo m'beseni, anandiuza kuti ndiviike chala. Chinatuluka chakuda, chonunkha kupserera, chili ndi tizitsulo tonyezimira. Alamu anga anangokhala pa tayala lakutha, chipewa chili m'manja, osayankhula. Ndalama zimene ankasunga zoti afolere nyumba ndi malata zinapita ku giyabokosi ina.

Axio ya petulo ya otomatiki ilibe magiya ngati amene tinazolowera. Ili ndi CVT, lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatsekuka ndi kupanikizana, n'chifukwa chake simumva ikusintha giya komanso siyimwa kwambiri. Koma lambayo amafuna oyilo wake wa CVT basi. Mukathira wina, amaterereka n'kuyamba kudya chitsulo. Galimoto ija inalibe mlandu, anayipha ndi manja a munthu wosadziwa.

Ndiye ndikamva anthu akukangana za makilomita pa lita imodzi, ndimapsa mtima pang'ono. Axio ya hybrid itatuluka mu 2013, pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08 inalembedwa kuti imayenda makilomita 33 pa lita. Nambala imeneyo ndi yoona, koma inapezeka poyesera m'nyumba, popanda fumbi, popanda matumba a chimanga kumbuyo, popanda maenje. Ndipo hybrid imapulumutsa kwambiri mafuta mukamaima n'kunyamuka kawirikawiri, monga pa mizere ya magalimoto ya mu Lilongwe, chifukwa mabuleki amabwezera mphamvu ku batire. Inu ulendo wanu ndi wa M18 kubwera ku boma kuno, kapena kulowera ku Kamwendo. Pamsewu wotambasuka chonchi phindu lake limachepa.

Walira mvula walira matope. Batire yaikulu ya hybrid imeneyi imakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Taganizirani mwezi wa Okutobala, magalasi otsegula, msewu wa fumbi wopita kusukulu kwanu. Fumbi lonselo limakathera pa kafani kaja, batire n'kumatentha. Batire imakalambanso ndi zaka, kaya galimoto ikuyenda kaya yangoima, ndipo ya 2013 yadutsa kale zaka 10. Tsiku limene nyali zidzayake pa dashibodi, kodi ku Santhe adzayiika pa kompyuta ndani? Honda Grace, imene inatuluka mu 2014, ndi yokongola zedi, sindikana, mkati mwake ndi motakasuka. Koma ya hybrid ili ndi giyabokosi ya makilachi awiri ndi magiya 7, chinthu chovuta chimene amakaniko athu ambiri sanachitsegulepo. Ine sindingalole m'bale wanga wa ngongole kuti akhale woyamba kuphunzirirapo anthu.

Kunena mosapsatira, galimoto yodalirika ku Kasungu ndi imene masipeya ake mungawapeze tsiku lomwelo. Injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE ili mu Axio ya petulo, mu Probox, mu Fielder, ndi mu ma Sienta akale aja amene adzaza mu M1 kunyamula anthu. Imayendera tcheni, osati lamba woti muzisintha. Mapulagi, makoyilo, pampu ya madzi, zonse zili m'mashopu a pa boma pano, zikasowa zili ku Malangalanga. Mwana aliyense wa pa garaja anakulira pa injini imeneyi.

Ndisaiwale za mafuta a m'zigubu. Ndikudziwa kuti akasowa munthu umagula paliponse, koma ena amasakaniza ndi parafini, ena zigubu zawo zili ndi madzi ndi zinyalala pansi. Injini zamakonozi sizipirira zimenezo ngati mmene ankapiririra ma pikapu akale. Chinanso ndi mita ya makilomita. Galimoto imachoka ku Japan, kutsika pa Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, ndipo pena m'njiramo nambala zimabwerera m'mbuyo. Onani chiwongolero ndi mphira za mapedulo. Zikakhala zosalala ndi kutha koma mita ikuti galimoto ndi yatsopano, wina akukunamizani. Ndipo msonkho wa MRA muufunsiretu musanatumize ndalama, chifukwa umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini.

Ndiye mugule iti?

Axio ya petulo ya malita 1.5, makamaka ya pakati pa 2012 ndi 2014, chifukwa kuyambira 2015 zambiri zinabwera ndi injini ina, 2NR-FKE. Pokayiona mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muyiyese ili yozizira, pamtunda wokwera, mumve ngati ikunjenjemera. Ndi yotsika pansi, choncho ikitsani chitsulo chotchinga sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, mvula isanayambe, ndipo musayisenzetse ngati lole. Fyuluta ya mpweya muziyiona kawirikawiri. Mukafuna kudziwa kamwedwe kake kenikeni, dzazani thanki, lembani makilomita, mukadzadzazanso gawani ndi malita amene alowa. Hybrid muyiganizire pokhapokha mutasamukira ku Lilongwe.

Ndipo tsiku losintha oyilo wa giyabokosi, Aphunzitsi, mupemphe chilolezo kwa ahedi, mukagule nokha botolo lomata lolembedwa CVT, mukaime pomwepo mpaka athire.