Boti la malume lakhala pansi pa mtengo wa mango zaka 8: ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Makawa ku Mangochi. Malume awo anawasiyira boti la faiba lothamanga, lotalika mamita pafupifupi 5, lomwe lakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka 8. Injini yake ya Yamaha ya mphamvu ya mahosipawa 40 ili m'nyumba, ndipo chimwalirireni malumewo sinalizidwepo. Akufunsa zinthu ziwiri: agule penti yanji kuti botilo liwale ngati kale, komanso ngati angaithe ntchitoyi okha pakhomo.

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi imfa ya malume. Ntchitoyi mungaithe ndithu, bola mukhale ndi mtima wodekha ndi malo a mthunzi. Koma za penti ziikeni kaye pambali. Ine boti langa loyamba ndinayamba ndi penti, linawala mpaka anthu ankaima pamsewu kuliyang'ana. Tsiku lachitatu pamadzi, nditangowonjezera moto, ndinamva kuti phwaa kumbuyo. Thabwa lomangapo injini linali litang'aluka, madzi akulowa. Tinafika kumtunda tikukapa ndi ndowa, mwana wa mchemwali wanga akulira. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mwanayo thupi limachita tsembwe.

Anthu amati faiba siola, ndipo n'zoona. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti maboti akalewa ali ndi matabwa obisika m'kati mwa faibayo. Kumbuyo komwe timamangako injini, komwe amisiri amati transom, muli pulayiwudu. Pansi popondapo palinso pulayiwudu, ndipo kunsi kwake kuli nthiti zoyenda m'litali mwa boti zomwe nthawi zambiri zimakhalanso zamatabwa. Madzi amalowera m'mabowo a mabawuti ndi m'ming'alu ing'onoing'ono, ndipo akalowa satulukanso. Tsono taganizani za boti lanulo: masamba a mango anatseka kabowo kotulutsira madzi kalekale, mvula ya zaka 8 yakhala ikudikha m'menemo, ndipo chiswe cha kuno sichifuna kuitanidwa.

Choncho Loweruka likubwerali chitani izi musanagule kanthu. Kokolani zinyalala zonse, tsukani, kenako tengani mpini wa hamala muzigogoda transom yonse pang'onopang'ono. Pabwino pamalira mokweza, kuti kho kho. Poola pamalira mogonthera, ngati mukugogoda dzungu. Mukatero boolani timabowo tating'ono titatu kapena tinayi cha m'munsi, kuchokera m'kati mwa boti, osapyoza mpaka kunja. Yang'anani utuchi umene ukutuluka. Ukakhala woyera ndi wouma, thokozani Mulungu, tsekani timabowoto. Ukatuluka wakuda, wonyowa, wonga masamba a tiyi ophika kale, thabwalo latha. Yendaninso pansi ponse opanda nsapato, phazi likuuzani pamene pakunyenyemphera. Maboti ena ali ndi thovu louma pansi pake loti aziyandama ngakhale atadzaza madzi. Thovulo likamwa madzi limalemera koopsa ndipo siliumanso, n'lofunika kulichotsa n'kuika lina.

Apa m'pamene muyenera kukhala pansi ndi kuwerengera ndalama moona mtima. Ngati choola ndi transom ndi pansi pokha, pitirizani, imeneyo ndi ntchito ya masiku onse pa boti lakale. Koma ngati msana wa botilo wang'aluka kutalika, kapena m'mimba mwake mwapindika chifukwa linatsamira pamwala zaka zonsezi, itanani kaye munthu wodziwa adzaone. Ndikudziwa kuti ndi la malume ndipo mtima sungalole kulitaya, koma m'botimo mudzakweza ana.

Kusintha transom kumatheka motere. Dulani faiba ya m'kati yokha, ya kunja musaikhudze, chifukwa ndi imene ikusunga maonekedwe a boti. Gobani thabwa loola lonse mpaka mufike pa faiba yoyera, palani, ndipo lisiyeni liume masiku angapo. Jambulani muyeso pa katoni. Pulayiwudu wake akhale wa marine, wopangidwira maboti, mapisi awiri a mamilimita 18 omatidwa pamodzi. Pulayiwudu wamba wa siling'i kapena blockboard musayerekeze, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti n'chimodzimodzi. Mukamata thabwa latsopanolo, likutireni ndi faiba magawo angapo, gawo lililonse lizipitirira linzake n'kukagwira m'mbali ndi pansi pa boti, chifukwa mphamvu ya injini imadutsa m'malumikiziro amenewo. Mabowo a mabawuti muwaboole okulirapo, muwadzaze ndi resin (guluu wamadzi womatira faiba) wolimbitsidwa, akauma mubooleponso a muyeso wake. Mukatero madzi sakhudzanso thabwa.

Zipangizo zake ndi resin, hardener (mankhwala oumitsa resin), nsalu ya faiba ija amati mat, acetone (mankhwala opukutira ndi kutsukira), maburashi otchipa ambiri ndi karola kachitsulo kotulutsira mpweya. Zambiri timakazipeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo amisiri owongola magalimoto amadziwa kogula. Resin wa polyester sakhalitsa m'chitini, ndiye akakupatsani wokhuthala ngati uchi wogwirana mukane. Powerengera, mat ya magalamu 450 imamwa resin wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi pa sikweya mita iliyonse. Resin wa mtundu wina wotchedwa epoxy amagwira bwino kuposa polyester pa faiba yakale ndi pa thabwa, koma ndi wodula, ndipo gelcoat, khungu losalala la utoto la kunja kwa boti, sagwira bwino pamwamba pake.

Kusakaniza ndiye kumene kutentha kwa Mangochi kumatipweteka. Hardener amafunika wochepa zedi, mamililita 1 kapena 2 pa mamililita 100 a resin. Gulani sirinji ku famase muziyezera, za diso zisiyeni. Ine tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndinasakaniza lita yathunthu m'chigubu chodula pakati. Ndisanamalize n'komwe kunyowetsa nsalu yoyamba, chigubucho chinatentha chosagwirika, chinayamba kufuka utsi, burashi n'kuumira momwemo ili chiimire. Resin akachuluka m'chotengera amadzitenthetsa yekha, ndipo akatentha amauma msanga. Sakanizani kapu imodzi imodzi, m'mamawa, pamthunzi. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: mvula yatha, kunja kwazizirirapo, ndipo mwera ukamaomba simukanapitanso panyanja ndi kaboti kotere. Ingotchingani ndi mphasa kuti fumbi lisagwere pa ntchito yaiwisi.

Pamene pali bowo kapena mng'alu, osangomata chigamba pamwamba. Palani m'mphepete mwake motsetsereka, m'lifupi kuwirikiza ka 12 kuchindikala kwa faibayo. Ngati ndi yochindikala mamilimita 5, kutsetserekako kufike masentimita 6 mbali zonse. Pukutani ndi acetone, kenako yalani zigamba zosiyana kukula mpaka padzaze. Paliponse pooneka poyera m'nsalu ndiye kuti pali mpweya, pitanipo ndi karola mpaka pade.

Thupi lanu lisamaleni, achimwene. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze, ndipo m'mapapo siliyenera kulowa. Valani chotchinga mphuno chenicheni, magalasi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo mukamaliza sambani madzi ozizira. Kadontho ka hardener m'diso kangathe kukuchititsani khungu, ndiye ndowa ya madzi oyera izikhala pambali panu. Acetone ndi resin zimayaka msanga, mbaula ndi fodya zikhale kutali, ananso asamasewerepo.

Injini musailize pouma ngakhale kamphindi. Masulani mapulagi, thirani tiwoyilo pang'ono m'masilinda, ndipo muipukuse ndi dzanja muone ngati ikuzungulira. Sinthani impeller, kampira kopopa madzi oziziritsa, chifukwa pa zaka 8 kanauma kale. Tsukani kabuleta, tayani petulo wakale, ndipo onani woyilo wa m'giya kunsi: akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa, masilo afunika kusintha. Poiliza, mwendo wake ukhale m'mgolo wa madzi, ndipo muonetsetse kuti kamadzi kakutuluka kumbuyo. Ngati ndi ya two-stroke yosakaniza, zambiri zimafuna mamililita 20 a woyilo pa lita ya petulo, koma tsatirani zolembedwa pa injini yanuyo.

Tsopano penti ija. Mwina simudzaifuna n'komwe. Gelcoat wakale akatuwa ngati choko, nthawi zambiri amabwerera mukamupala ndi sandipepala wamadzi wa 600, kenako 1200, n'kupolisha. Yesani kaye pakamalo kofanana ndi chikhatho. Akakana, pakani primer (penti yoyambira) ndi penti ya 2K (yosakaniza ndi hardener yake) ndi rola. Kupopera penti imeneyi pakhomo ayi, nthunzi yake imawononga mapapo.

Musanayambe kunyamula anthu, pitani ku ofesi ya za maulendo a pamadzi ku Monkey Bay mukafunse za kalembera ndi kuyezetsa boti, ndipo mugule majekete oyandamitsa okwanira aliyense, a ana omwe. Ulendo woyamba ukhale wa m'mawa nyanja ili bata, pafupi ndi gombe, muli awiri, nkhafi ndi ndowa zili momwemo. Mu Shire cha ku mlatho wa Bakili Muluzi musakayesereko, madzi amakoka ndipo kuli mvuu ndi ng'ona.

Loweruka mukaboola timabowo tija, ikani utuchiwo papepala loyera, muujambule pamodzi ndi transom yonse m'kati ndi kunja, munditumizire. Mundiuzenso kutalika kwa transom kuchokera pamwamba mpaka kunsi, tione ngati mwendo wa injini ya malume ukugwirizana nayo.