TAFUNSANI A MKULU: Ndikagwada kupemphera ndimangogona, kodi Mzimu anandichokera?

FUNSO: Zikomo a mkulu. Ine ndi bambo wa zaka 34, ndimagwira ntchito ya ulonda kuno ku Lilongwe, shifiti ya usiku kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Ndinatembenuka mtima zaka zitatu zapitazo pa msonkhano wa chitsitsimutso ndipo chaka choyambacho eee ndinali moto ndithu, kusala kudya Lachisanu lililonse, ovanaiti sindinkaphonya, kuphiri la Bunda ndakapempherako kanayi. Koma pano zinthu zasintha. Ndikagwada ndimangodzidzimuka kwacha, Baibulo mzere umodzi ndiwerenga katatu osatolapo kanthu, ku tchalitchi ndimapitabe koma ndimangokhala ngati chitsa. Anzanga pa gulupu ya WhatsApp tsiku ndi tsiku maumboni okhaokha. Wina anandiuza kuti ndabwerera m'mbuyo, wina akuti ndi chiwanda cha tulo ndipite kwa mneneri akandimasule koma ndikatengeko kangachepe. Kodi Mzimu Woyera anandichokera? Mlonda wa ku Mtandire.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi chiwanda cha tulocho. Munthu wachezera maola 12 ali pa geti, udzudzu ukumudya, mu Juni mphepo ikumulowa mpaka m'mafupa, kenako ayende wapansi kubwerera ku Mtandire, nde akagwada n'kugona tiziti ndi chiwanda? Limenelo ndi thupi basi, likuitanitsa ngongole yake. Kangachepe akukuuzani mutengeko kagulireni ana sopo.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya anali atangochoka kumene pa phiri la Karimeli pomwe moto unatsika kumwamba pamaso pa aneneri a Baala 450, chitsitsimutso choposa chimenecho ine sindichidziwa. Koma Yezebeli atangotumiza uthenga womuopseza, munthu wamkuluyo anathawa, n'kukakhala pansi pa kamtengo m'chipululu kupempha kuti afe. Nde taonani zimene Mulungu anachita. Sanamudzudzule kuti wabwerera m'mbuyo. Anamusiya agone, mngelo anamudzutsa kumupatsa mkate ndi madzi, anadya n'kugonanso, kudzutsidwanso kachiwiri kuti adye. Zokambirana zinabwera pambuyo pake ku Horebu, ndipo kumeneko Mulungu sanali mu mphepo yamkuntho, sanali mu chivomezi, mu moto namonso ayi, anabwera ndi kamawu kakang'ono kapansipansi. Ine ndimaikonda nkhani imeneyi kamba koti imatichotsa manyazi ife anthu otopa.

Tsono za motozo. Inu ndi ine tinakulira kumudzi kapena tinapitako, tikudziwa moto wa mapesi, umalilima mpaka aneba kutuluka kudzaona koma ukangotembenuka wasanduka phulusa. Pali moto winanso wa chikuni chachikulu chija agogo ankasiya usiku, m'mawa ukayang'ana umangoona phulusa lokhalokha ngati wazima, koma ukafukula pansi pali makala ofiira ndipo phala la ana limaphikidwa pomwepo. Chaka choyamba cha kutembenuka mtima kawirikawiri chimakhala cha mapesi, ndipo si choipa ayi, chikuni chimayatsidwa ndi mapesi omwewo. Vuto ndi loti ambiri timafuna tizingolilima mpaka kalekale, nde moto ukatsika timayamba kuthamanga, lero kwa mneneri uyu mawa ku phiri ilo, kusaka kumva mmene tinkamvera poyamba paja. Mwandiuza nokha kuti ku tchalitchi mukupitabe olo simukumva kanthu, ndipo mwakhala pansi kulemba kalata iyi chifukwa zikukuwawani. Munthu amene Mzimu anamuchokera sadandaula zimenezi, amagona tulo tabwinobwino.

Mukafuna kudziwa ngati mukukula mu uzimu musayeze ndi misozi ya pa ovanaiti. Kafunseni akazi anu. Afunseni kuti kodi pa zaka zitatuzi mkwiyo wanga uli pomwe unali paja? Malipiro akabwera ndikumafika nawo pakhomo? Ndikalakwa ndikumapepesa? Mabwana akasiya katundu poyera usiku, m'mawa akumamupeza? Zipatso zomwe Paulo anatchula pa Agalatiya 5 ndi zinthu ngati zimenezo, kuleza mtima, kukhulupirika, kudziletsa, ndipo palibe olo chimodzi chomwe chimaoneka pa sitatasi ya WhatsApp. Za maumboni a pa gulupuwo ndingonena mwachidule, palibe amene amaponya uthenga woti "lero ndapemphera koma sindinamve kanthu", chonsecho theka la gulupulo ndi mmene alili. Mayi Teresa wa ku Calcutta yemwe uja, makalata ake atatuluka mu 2007, patatha zaka khumi chimwalirireni, anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka zambirimbiri ankapemphera mu mdima osamva kuti Mulungu ali pafupi, koma m'mawa uliwonse ankadzuka kukasambitsa odwala.

Pena ndimaganiza za manda aja ali ku Cape Maclear ku Mangochi. Amishoni a Livingstonia anafika pamenepo mu 1875, anakhalapo mpaka 1881 pomwe anasamukira ku Bandawe, malungo atawatha anzawo angapo, ndipo zaka zonsezo munthu amene anabatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mmodzi! Ikanakhala masiku ano bwenzi tikuti utumiki umenewu ulibe kudzoza, titseke. Koma Robert Laws, mmodzi wa amishoniwo, anakhala m'dziko muno mpaka 1927, ndipo Sinodi ya Livingstonia yonse mukuionayi mizu yake ili pamenepo. Yesu ananena pa Marko 4 kuti munthu amafesa mbewu n'kumagona ndi kudzuka, mbewu ija n'kumamera iye osadziwa kuti ikumera bwanji. Chimanga chobzala mu Disembala sumakafukula mawa lake kuti uone ngati chayamba.

Zochita zake nazi, ndipo ndi zazing'ono dala. Lekani kupemphera nthawi imene thupi latheratu. Inu mwayi wanu ndi woti muli maso nthawi yomwe dziko lonse lili mtulo, nde cha m'ma 2 koloko usiku mukamazungulira mpanda pempherani mukuyenda, maso ali pa ntchito, palibe vesi yomwe imati pemphero ndi logwada lokha. Salimo 134 ndi ya anthu oimirira usiku m'nyumba ya Yehova, mavesi atatu okha, ilowezeni. Tsiku lomwe mtima wauma kwambiri werengani Salimo 88, imeneyo imayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima popanda aleluya olo mmodzi, koma anaisiya m'Baibulo kuti anthu ngati inu mukhale ndi mawu. Kuwerenga tengani Marko, machaputala 16 okha, kandime kamodzi pa tsiku mukadzuka masana mutadya, osati machaputala khumi Lolemba kenako zii mpaka mwezi wamawa. Baibulo lomwe muli nalo ngati Chichewa chake chikukuvutani, Buku Lopatulika lija ndi la 1922 ndipo mawu ena ndi a agogo athu, yesani Buku Loyera la 1998, limamveka msanga.

Chomaliza, musakhale nokha. Eliya uja ankati ndatsala ndekha, Mulungu anamuuza kuti alipo 7,000, n'kumupatsanso Elisa woti aziyenda naye. Kale moto ukazima m'nyumba sunkakhala pansi kulira, unkatenga phale kukapala kwa aneba. Ngati ndinu a CCAP ku mlaga kwanu kuli anthu, ngati ndinu a Katolika mphakati ulipo, mipingo ina ili ndi maselo. Pezani bambo mmodzi wachikulire amene wakhala mu chikhristu zaka 30 ndipo anaikapo mwana m'manda koma akupempherabe, muzicheza naye olo kamodzi pa sabata. Ameneyo akuphunzitsani zomwe ovanaiti singakuphunzitseni.

FUNSO: A mkulu, ine ndi mayi wa zaka 52, ndimadwala shuga ndipo ndili pa mankhwala. Ku mpingo kwathu Januwale aliyense timasala kudya masiku 21, chaka chatha ndinakomoka tsiku lachinayi. Amayi anzanga akuti ndikadya ndiye kuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Nditani? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, idyani ndipo mankhwala musasiye olo tsiku limodzi. Munthu wa shuga akamwa mankhwala osadya, shuga amatsika kwambiri, kukomoka kuja n'kumeneko ndipo ena sadzukanso. Musanayambe kusala kwa mtundu uliwonse kafunseni adokotala anu ku kiliniki ya shuga. Masiku 21 amenewa anthu anawatenga pa Danieli 10, nde kawerengeni bwinobwino muone, Danieli sanasiye kudya, anasiya nyama, vinyo ndi zakudya zonona kwa masabata atatu. Inunso mutha kusiya china, kaya ndi wailesi, kaya foni madzulo, kaya miseche ya pa mjigo (imeneyi ndiye yovuta kuposa nsima), nthawi imeneyo n'kumapemphera. Yesaya 58 akuti kusala komwe Mulungu amafuna ndi kugawana chakudya chako ndi wanjala, ndipo Januwale kwathu kuno anjala sasowa. Amayi anzanuwo mukakomoka adzakuperekezani ku Queens n'kubwerera kwawo, ana anu ndi amene adzagone pa simenti kukudikirirani.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 23. Ndinali wa kwaya koma ndinatenga mimba ndisanakwatiwe nde anandidula ku mpingo. Mwana pano ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Ndimafuna kubwerera koma manyazi, ndikaganiza zokakhala pa kalasi anthu akundiloza ndimangoti bola ndizipemphera pakhomo. Mnyamata anandipatsa mimbayo ali ku mpingo wina akuimbabe bwinobwino. Wosweka mtima, Kasungu.

YANKHO: Mwanawe, zoti iwe unadulidwa mnzakoyo akuimbabe ndi chilema chathu ife akuluakulu a mipingo, ndipo ndikuvomera poyera. Mimba imaoneka pa mtsikana nde chilango chimagwera iye, ngati kuti anaitenga yekha. Afarisi aja pa Yohane 8 nawonso anabweretsa kwa Yesu mzimayi yekha wogwidwa m'chigololo, mwamunayo sitinamumve mpaka lero.

Koma usalole kuti kukondera kwathuko kukutsekere pakhomo. Kupemphera wekha kunyumba kumayamba bwino, mwezi woyamba ndithu, kenako Lamulungu limasanduka tsiku lochapa matewera. Pali mnyamata wina m'Baibulo, Yohane Marko, anathawa pa ulendo wa utumiki ku Pamfuliya, mpaka Paulo anakanitsitsa kumutenganso ndipo anakangana ndi Barnaba chifukwa cha iyeyo, zili pa Machitidwe 15. Patapita zaka Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti ubwere naye Marko, ndi wofunika kwa ine pa ntchito. Anamutola ndi Barnaba nthawi imene wina aliyense anamutaya, nde iwenso saka Barnaba wako, mayi mmodzi wa Chigwirizano amene ukudziwa kuti pakamwa pake ndi potseka, umuuze zonse ndipo tsiku loyamba mupitire limodzi. Okuloza adzakuloza masabata awiri atatu kenako adzapeza nkhani ina, ku mpingo nkhani sizisowa. Kalasi imatha, si ya moyo wonse. Pita kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu sabata ino ukafunse tsiku lomwe amakumana, ndipo mwanayo usamusiye kwa agogo ake ngati chinthu chobisa, m'bereke upite naye.